Chumuni chovina ndi mwera: zolemba za ntchito

2 Juni

Ndafika pafakitale cha m'ma 9 koloko m'mawa, mwera utayamba kale kuwomba. Ndi kafakitale koyenga mafuta a mpendadzuwa m'boma la Salima, kufupi ndi nyanja, ndipo chimene andiitanira ndi chumuni cha boyila. N'chachitsulo, chotalika mamita 15, m'mimba mwake theka la mita, chitsulo chake chochindikala mamilimita 4. Chaima chokha pa mabawuti 8, popanda mawaya ochikoka m'mbali. Vuto lake ndi kuvina. Mutu wake umapita uku ndi uku moti ngakhale woima kumsewu amaona, ndipo pansi, pamene paipi anaiwotcherera ku chitsulo chokhalira pa konkire, patuluka mng'alu wotalika ngati chikhatho changa. Awotchererapo kawiri, koma mng'alu umabwerera pomwepo.

Eni fakitale, mayi osakonda zolankhula zambiri, anangoti, "Achimwene, ndikufuna mphepo ileke kuchikankha. Zinazo mudziwa ndinu." Amene anandipatsa poyambira ndi madala osamala boyila. Anati, "Mwana wanga, chinthu ichi n'chodabwitsa. Chimphepo cha mvula chikabwera mu Disembala, malata a mosungira katundu kusasuka, icho chimangoima phee. Koma kamwera kabwinobwino aka, koumitsa zovala pachingwe, ndiye kamachivinitsa tsiku lonse." Ndinawafunsa ngati chimagwedezeka motsata mphepo kapena mopingasa. Anayang'ana kumwamba kanthawi, nati mopingasa. N'zoonadi: mphepo ikuchokera kum'mwera chakum'mawa, koma chumuni chikupita kumanja ndi kumanzere kwa mphepoyo.

Ndajambula mutu wake pafoni n'kuwerenga pang'onopang'ono: maulendo 22 pa masekondi 10. Kachipangizo kanga koyezera mphepo kamasonyeza pakati pa mamita 5 ndi 6 pa sekondi. Madzulo mphepo itadula tinamanga chingwe pa makwerero apamwamba, anthu anayi kukoka, kenako kusiya mwadzidzidzi. Chinagwedezeka chimodzimodzi, 22 pa masekondi 10, ndipo panatha masekondi oposa 20 kuti kugwedezekako kuchepe ndi theka. Chitsulo chokhachokha chopanda njerwa m'kati chimatero, chili ngati belu, ukachigunda chimachedwa kukhala chete.

3 Juni

Lero sindinagwire chitsulo, ndakhala ndi pepala ndi pensulo.

Mpweya ukagunda chinthu chonga paipi, chopanda mchira wosongoka ngati wa nsomba, umalephera kutsata khungu lake mpaka kumbuyo. Umasiyana nalo usanafike n'komwe pakati, ndipo kumbuyo kumatsala mpata wa mpweya wosokonezeka. Mumpata umenewu mumabadwa akamvuluvulu ang'onoang'ono, osati pamodzi koma mosinthana: wina achoka kumanja, kenako wina kumanzere, kenako kumanjanso. Aliyense pochoka amakokera paipi kumbali kwake. Amene anaonapo bango likunjenjemera lokha pakati pa mtsinje woyenda bwinobwino waona zimenezi, ndipo mawaya a magetsi akamalira mu Julayi n'zomwezo.

Vincenc Strouhal anayeza zimenezi mu 1878 pozunguza mawaya mumpweya n'kumamvetsera kulira kwake. Anapeza kuti liwu silidalira kutalika kapena kukungika kwa waya, koma liwiro la mphepo ndi kunenepa kwa wayayo. Theodore von Kármán, ali ku Göttingen ku Germany mu 1911 ndi 1912, anafotokoza chifukwa chake akamvuluvuluwa amandandalika m'mizere iwiri mosinthana. Kwa ife amisiri chotsala pa zonsezi ndi kasamu kamodzi: tenga 0.2, chulukitsa ndi liwiro la mphepo, gawa ndi m'mimba mwa paipi, upeza kuti paipiyo ikokedwa uku ndi uku kangati pa sekondi. Ndaika 5.5 ndi 0.5, yankho latuluka 2.2. Ndinaseka ndekha. Nambala yomwe ija ya chingwe chadzulo.

Ndiye madala aja ananena zoona. Katungwe amapita patali ukamamukankha pa nthawi yake, ngakhale ndi chala chimodzi. Mwera wa mamita 5.5 pa sekondi ukukankha chumuni pa nthawi yake yeniyeni, ndipo popeza wadutsa pamadzi popanda mitengo kapena nyumba zouphwanya, umafika wosalala, akamvuluvulu n'kumachoka nthawi imodzi kuyambira pakati mpaka kumutu. Chumuni chikayamba kuvina, kuvinako kumawalamulanso akamvuluvulu kuti azitsata icho ngakhale mphepo isinthe pang'ono. Chimphepo cha mamita 30 pa sekondi chingakoke pafupifupi ka 12 pa sekondi, mofulumira kwambiri moti chumuni sichingatsatire, komanso chimabwera chosokonezeka.

Za mng'alu nazo zamveka. Ka 2.2 pa sekondi ndi maulendo 7,920 pa ola. Mwera ukawomba maola 8 pa tsiku kwa mwezi umodzi, chowotchereracho chapindidwa ndi kuwongoledwa pafupifupi ka 2 miliyoni. Waya ukaupinda uku ndi uku umaduka wopanda pulayala. Kuwotchereranso kachitatu n'kutaya ndodo zowotcherera.

Apa pali chinthu chimene ndiyenera kukawauza mayi aja bwinobwino. Mphepo ili ndi mphamvu ziwiri pa chumuni: yokankhira kutsogolo, imene akatswiri amati drag, ndi yogwedezera m'mbali. Iwo apempha kuti ndichepetse yoyamba, koma imene ikuthyola chitsulo ndi yachiwiri. Ndipo tagwirizana kale kuti pasakhale mota, batire kapena chilichonse chofuna munthu wochiyang'anira. Mankhwala akhale mawonekedwe a chumuni chenicheni.

9 Juni

Ndisanakweze munthu mamita 15 ndi makina owotcherera, ndikufuna ndione ndi maso pa kachinthu kakang'ono. Ine ndi mphwanga tayamba kumanga wind tunnel, bokosi loyeseramo zinthu pa mphepo, m'shedi ya kwathu. Ndi bokosi lalitali la pulayiwudi, m'kati mwake mamilimita 400 uku ndi 400 uku, mbali imodzi ya galasi lochokera pa zenera lakale, ndi fani yaikulu yotulutsira utsi imene ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Polowera mpweya tapanikiza timapaipi tomwera Fanta todula mamilimita 60, mazanamazana, kuti mpweya uwongoke, ndipo kumbuyo kwake taika neti ya udzudzu kawiri. Kudula timapaipito kwatenga masiku awiri ndipo mphwanga wati ulendo wina ndidzalembe ganyu.

Chumuni chathu chaching'ono ndi paipi ya PVC ya mamilimita 40. Funso loyamba n'lakuti kodi kapaipi kotere kanganene zoona za chumuni cha theka la mita? Zimadalira nambala ya Reynolds, imene imaphatikiza liwiro, kukula kwa chinthu ndi kumata kwa mpweya. Chumuni pa mwera chili pa 170,000 kapena kuchepera pang'ono. Kapaipi pa mamita 8 pa sekondi kali pa 19,000. Zikuoneka zotalikirana, koma zonse zili m'chigawo chimodzi, pansi pa 200,000, m'mene mpweya umasiyana ndi paipi pamalo ofanana ndipo 0.2 uja amagwirabe ntchito. Za kuvina bokosi lathu litiuza zoona. Za chimphepo chamkuntho silingatiuze, ndipo zimenezo ndidzachita kuwerengera.

14 Juni

Talakwitsa. Tinaika fani kuti izikankhira mpweya m'bokosi, ndipo utsi wa koyilo ya udzudzu umangopotana ngati chingwe usanafike n'komwe pa paipi. Tatembenuza: fani yapita kumapeto, ikukoka. Utsi tsopano ukuyenda mzere wowongoka. Tabowolanso kachitseko pakati pa paipi ndi fani. Ukakatsegula mphepo ya pa paipi imachepa, ukakatseka imakwera. Magetsi anazima masana onse, ndiye zoyesa zidikira.

19 Juni

Paipi yopanda kanthu. Taiyesa mwanjira ziwiri. Yoyamba, yomangirira ku kamkono kachitsulo kooneka ngati L kotsamira pa sikelo ya kukhitchini, kuti tione kukankha. Masamu amati pa mamita 8 pa sekondi tipeze magalamu 70. Sikelo yasonyeza 78. Sindikudandaula nazo. Paipi yatseka gawo limodzi mwa magawo 10 a bokosi, mpweya ukufinyika m'mbali n'kuthamanga kuposa mmene ukanachitira panja. Chofunika n'kufananitsa zoyesa zonse ndi 78 yemweyo.

Yachiwiri, paipi yolendewera pa masipiling'i anayi, yogwedezeka pafupifupi ka 10 pa sekondi ukaigunda ndi chala. Kasamu kaja kamati iyenera kuvina mphepo ikafika mamita 2 pa sekondi. Tinayamba kachitseko kali kotsegula, n'kumatseka pang'onopang'ono. Poyamba zii. Titayandikira 2, paipi inayamba njenjenje, kenako kudumpha moti sinkaonekanso bwino. Titapitiriza kutseka, mphepo n'kukwera kupitirira 3, inaleka yokha. Mphwanga anabwereza kanayi osakhulupirira. Anati, "Achimwene, ndiye kuti mphepo yambiri ndi imene ikuitonthoza?" Vidiyo imeneyi ndawatumizira madala a boyila pa WhatsApp ya mdzukulu wawo.

24 Juni

Sabata ino ndi ya splitter plate, kachitsulo kafulati koikidwa kumbuyo kwa paipi motsata mphepo, ngati chipsepse. Anatol Roshko wa ku yunivesite ya Caltech ku America anaonetsa mu 1954 kuti kachitsulo kotere kamaletsa mpweya wa kumanja ndi wa kumanzere kukumana kumbuyo kwa paipi. Akamvuluvulu amabadwa chifukwa mbali ziwirizi zimakokana. Ukaika mpanda pakati, kukokanako kumachedwa kapena kutheratu, mpweya wa kumbuyo suyamwanso paipi kwambiri, ndipo kukankha kumatsika.

Ndadula malata atatu: mamilimita 40, 80 ndi 200, ndiye kuti kamodzi, kawiri ndi kasanu kukula kwa paipi. Lalifupi lomwe latsitsa sikelo moonekeratu. Lalitali lafikitsa pa magalamu 52 kuchoka pa 78, ndipo utsi kumbuyo ukuyenda mwaulemu, wopanda kupindikapindika kuja. Kunena zoona ndinakondwa kwambiri. Nachi chinthu chochepetsa mphamvu zonse ziwiri nthawi imodzi, chotchipa, chimene mnyamata aliyense wodziwa kuwotcherera angapange tsiku limodzi.

Chikomekome cha mkuyu. Titapotoza paipi pang'ono kuti lata lisayang'anenso ndendende kumene mphepo ikupita, sikelo inayamba kukwera, ndipo titafika popingasa, lata linasanduka thanga la ngalawa: mphepo ikukankha paipi ndi lata lomwe. Choopsa kwambiri chinaoneka pa masipiling'i. Paipi yokhala ndi lata lomata inayamba kugwedezeka mwamtundu wina, mwapang'onopang'ono koma motalika, ndipo mosiyana ndi paipi yopanda kanthu, sinaleke pamene mphepo inakwera. Inkangowonjezera mpaka kugunda galasi. Kumeneku ndi kumene amati galloping: chinthu chikasuntha, mphepo imachipeza mopendekera n'kuchikankhiranso komwe chikupita. Kuvina kwa akamvuluvulu kuli ndi malire ake, uku kulibe.

Ku Salima mphepo siichokera kumodzi. Mwera uli ndi miyezi yake, mpoto uli ndi yake, ndipo chimphepo cha mvula chimabwera kuchokera kulikonse. Pa mapaipi a mafuta a pansi pa nyanja zikuluzikulu amaika zipsepse zozungulira zokha motsata madzi, koma chinthu chozungulira pamwamba pa chumuni chotentha, cha mwaye ndi dzimbiri, chingazungulire miyezi ingati chisanagwire? Tsiku limene chagwira ndiye tapanga thanga lija. Lata ndalichotsa pa mndandanda, ngakhale mtima ukuwawa.

26 Juni

Mphwanga anaonera vidiyo ya mpira wa gofu ndipo akufuna tiboole timaenje pa chumuni. Nzeru yake ndi yoona. Gustave Eiffel, yemwe uja wa nsanja ya ku Paris, anapeza mu 1912 kuti kukankha kwa mphepo pa mpira kumagwa mwadzidzidzi liwiro likafika pena pake, ndipo mu 1914 Ludwig Prandtl anaonetsa kuti kawaya kozunguliza mpira kamabweretsa kugwako msanga. Kawayako kamavundula mpweya woyenda pakhungu, mpweya wovundukawo umamatirira mpaka kumbuyo ndithu, mpata wa kumbuyo n'kuchepa. Timaenje ta mpira wa gofu timagwira ntchito yomweyo, ndipo timachepetsa kukankha pafupifupi ndi theka.

Koma chumuni chathu pa chimphepo chimakhala chitadutsa kale pogwera paja chokha, popanda timaenje, ndiye pa tsiku loopsa sitipindulapo kanthu. Ndipo mawaya owongoka ovundula mpweya, omata m'mbali mwa chumuni, ali ndi vuto lomwe lija la lata, amafuna mphepo ya mbali imodzi. Tayesa ola limodzi kuti mnyamata akhutire, tapitirira.

2 Julayi

Tafika pa zimene ndinkaganizira kuyambira tsiku loyamba: nthiti zopota, zimene amati helical strakes. Christopher Scruton ndi D. E. Walshe a ku National Physical Laboratory ku Teddington, m'dziko la England, ndi amene anazitulukira mu 1957, ndipo muyeso wake sunasinthe kwenikweni: nthiti zitatu zotalikirana mofanana, iliyonse yotuluka gawo limodzi mwa magawo 10 a m'mimba mwa chumuni, yomaliza kuzungulira kamodzi pa mtunda wokwana kasanu m'mimbamo, zoikidwa pa gawo lapamwamba mwa magawo atatu a chumuni. Kawaya kopota pa eriyo ya galimoto ndi m'bale wake wamng'ono.

Chimene chimandisangalatsa pa nzeru imeneyi n'chakuti siiletsa akamvuluvulu kubadwa. Imangowasokoneza kuti asagwirizane. Mpweya umakakamizika kusiyana ndi paipi pa mphepete ya nthiti, ndipo popeza nthitiyo ikupota, malo osiyanirana amasintha ukamakwera. Pamene kamvuluvulu wa apa akukokera kumanja, wa pamwamba pake akukokera kumanzere, wina sanakhwime n'komwe. Zili ngati anthu khumi okoka khoka popanda woyambitsa nyimbo: aliyense akutuluka thukuta koma khoka silisuntha. Ndipo poti nthiti zazungulira paipi yonse, mphepo ichokere kulikonse ipeza zofanana.

Pa kapaipi kathu nthiti ndi za mamilimita 4, kuzungulira kamodzi pa mamilimita 200. Poyamba ndinachita ulesi n'kukulunga waya wa magetsi wa mamilimita 4. Kuvina kunachepa koma sikunathe, chifukwa waya ndi wobulungira, mpweya umangotsetsereka pamwamba pake. Titadula timizere ta pulasitiki yolimba ya chigubu, ta m'mphepete mwakuthwa, n'kumata choimika ndi guluu, paipi inakhala bata kuyambira kachitseko kotsegula mpaka kotseka. Pa mamita 2 pa sekondi pamangomveka kunjenjemera kochepa ukaigwira ndi chala. Tazunguza paipi mbali zisanu ndi imodzi, zotsatira n'zofanana. Tinayesanso nthiti ziwiri m'malo mwa zitatu: mbali zina bata, mbali zina kuvina kumabwerera. Zitatu zikhale zitatu.

Kenako tinaika pa sikelo. Magalamu 91.

7 Julayi

Walira mvula walira matope. Nthiti zathetsa kuvina koma zawonjezera kukankha, ndipo 91 wa m'bokosi sakunena nkhani yonse. Pa chimphepo, chumuni chosalala chimapindula ndi kugwa kuja kwa Eiffel: nambala yoyezera kukankha imatsika kuchoka pa 1.2 kufika cha m'ma 0.7. Chokhala ndi nthiti sichipindula nako, chifukwa mpweya umasiyana nacho pa nthiti nthawi zonse, ndipo nambala imakhala cha m'ma 1.4 mphepo ikule kapena ichepe. Ndatenga chimphepo cha mamita 30 pa sekondi, ndiye kuti makilomita 108 pa ola. Pa mamita 5 apamwamba, kukankha kukwera kuchoka pa kulemera kwa makilogalamu 90 kufika pa 180, ndipo kukukankhira kumutu, kumene mkono wake ndi wautali. Mphamvu yofuna kupendeketsa maziko ikwera kuchoka pa 20 kufika pa 31 kNm (kNm ndi muyeso wa mphamvu yopendeketsa). Paipi yeniyeni ipirira bwinobwino. Nkhawa yanga ili pa mabawuti ndi konkire.

Ndapita kukawafotokozera mayi aja, laputopu m'manja. Anaonera mavidiyo onse osanena kanthu, kenako anati, "Ndiye achimwene, ndinakuitanani kuti muchepetse kukankha, inu mukubwera ndi chowonjezera kukankha?" Ndinati, "Inde amayi. Kukankha kumabwera masiku ochepa pa chaka ndipo tingakuyankhe ndi simenti. Kuvina kumabwera miyezi itatu ndipo simenti siikuletsa." Anafunsa ngati chumuni cha makona anayi sichingakhale bwino, poti anaona chotere kwina. Ayi: cha makona akuthwa nambala yake imafika pa 2, ndipo chimakonda galloping ija. Nyumba zitalizitali za makona anayi amachita kuzisema m'makona, monga anachitira pa Taipei 101 ku Taiwan, kumene makona opangidwa ngati masitepe anachepetsa katundu wa mphepo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ife tili kale ndi chobulungira, tisadzipezere mavuto.

Pocheza anatchula kuti chaka chamawa akufuna boyila yachiwiri, chumuni chake pambali pa ichi. Ndawapempha kuti asadzakumbe dzenje ndisanaone malo. Chumuni choima kumbuyo kwa chinzake chimalandira akamvuluvulu a mnzakeyo, ndipo nthiti sizigwira bwino ntchito mumpweya wotero. Ku Ferrybridge ku England, pa 1 Novembala 1965, nsanja zitatu mwa zisanu ndi zitatu zoziziritsira madzi pa siteshoni ya magetsi zinagwa ndi mphepo, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti poyesa anaona nsanja imodzi payokha, osaganizira mmene zoima kutsogolo zimasinthira mphepo yofika pa zakumbuyo.

Avomera nthiti, bola ndiwapatse mtengo wa simenti usanathe mwezi.

12 Julayi

Takumba m'mbali mwa maziko. Pepala la amene anamanga limati mamita 2 uku ndi uku, tapeza 1.5, kuya mita imodzi. Konkire ndi chumuni pamodzi zikulemera pafupifupi matani 6, zokwanira kukana 45 kNm. Pa 20 zinali bwino, pa 31 mpata wachepa kwambiri. Tikulitsa kufika mamita 2.2 mbali zonse, ndi zitsulo zobowolera mu konkire yakale kuti zigwirane. Mabawuti awiri a mbali ya mng'alu ndi omasuka moti nati imazungulira ndi dzanja. Onse 8 asinthidwa, ndipo pansi tiwonjezera timakona tolimbitsa.

21 Julayi

Boyila yazimitsidwa kwa masiku khumi, chumuni tachigoneka pa mathiresulo ndi kireni yobwereka. Nthiti zenizeni ndi za mamilimita 50 kutuluka, 4 kuchindikala, kuzungulira kamodzi pa mamita 2.5, ndiye pa mamita 5 iliyonse izungulira kawiri. Polemba mzere tagawa paipi ndi choko: ukayenda mamilimita 208 motsata paipi, usunthe mamilimita 131 mozungulira, ukhome kadontho. Kenako chingwe cha omanga nyumba chimalumikiza timadontho.

Tsiku loyamba linapita pachabe. Ndinkaganiza kuti flat bar, chitsulo chafulati chachitali cha mamilimita 50 mulifupi, tingaipinde choimika pa paipi pomwepo, wina akuwotcherera, wina akukoka. Inangopindikira m'mbali ngati tsamba la chimanga. Madala a boyila, amene anakhala pa ndowa kumationerera, anati, "Mwana wanga, chitsulo sachikakamiza kumene sichifuna. Dulani chopindika kale." Ndinabwerera ku pepala. Mphepete ya m'kati ya nthiti pa kuzungulira kumodzi ndi mamita 2.95, ya kunja 3.13, ndiye nthiti ikayalidwa pansi imakhala uta wa bwalo lotalika pafupifupi mamilimita 830 kuchoka pakati pake. Tajambula uta umenewu pa katoni, tadula zidutswa za theka la mita pa chitsulo chafulati, ndipo chilichonse chikungofuna kupotoza pang'ono ndi sipanala kuti chikhale pa mzere. Zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 18, makilogalamu osapitirira 30.

Ndaletsa kuwotcherera mzere wonse mbali imodzi nthawi imodzi, kuopa kuti paipi ingakhote ndi kutentha. Tikudumphadumpha, nthiti iyi pang'ono, inayo pang'ono. Malo a mng'alu tadula chitsulo chonse chotopa n'kuika chatsopano, osati kungophimba.

29 Julayi

Chaimikidwa dzulo. Konkire yatsopano ili ndi masiku 14 okha, ndiye tasiya zingwe zitatu zogwiriziza mpaka ikwanitse 28. Ndi zingwe sindingayeze kanthu. Anthu odutsa akufunsa ngati taika makwerero a nyani.

13 Ogasiti

Zingwe tinachotsa Lolemba, ndipo mwera sunatikhumudwitse: masiku atatu otsatizana pakati pa mamita 4 ndi 7 pa sekondi. Ndakhala pansi pa chumuni maola ambiri, foni ili pa thirayipodi. Ndi maso sindikuona kusuntha. Pa vidiyo yokulitsa mutu ukusuntha pang'ono, mosakhazikika, kukankhika ndi kubwerera motsata mphepo, osati kuvina kopingasa kuja. Ukagunditsa khutu pa chitsulo chapansi boyila isanayake, kulira kwa mabawuti kumene kunkamveka mu Juni kulibe.

Tabwereza zokoka ndi chingwe. Tsopano ndi maulendo 21 pa masekondi 10, chifukwa cha kulemera kwa nthiti kumutu. Koma kuchedwa kukhala chete sikunasinthe kwenikweni, ndipo apa sindinakhutire. Nthiti zimachepetsa chokankha katungwe, sizimupatsa buleki, ndipo pa chumuni chopepuka chotere zimafuna wothandiza. Lachitatu m'mawa, kwa mphindi ngati zitatu, mphepo itakhazikika cha m'ma 5, ndinaona kugwedezeka kopingasa kochepa kukuyamba kenako n'kuzilala. N'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, koma kulipo.

Ndalamula tcheni cholemera cha mamita awiri ndi payipi ya labala yochivekera. Tidzachilendeweretsa m'kapaipi kotsekera pamwamba, kumbuyo kwa makwerero, kuti chumuni chikasuntha tcheni chizigunda khoma n'kumeza mphamvu. Pa zowotcherera zapansi ndapaka penti yoyera kuti mng'alu ukangoyamba uoneke, ndipo madala avomera kumayang'anapo Loweruka lililonse n'kulemba m'kabuku. Mabawuti ndidzawakunganso pa 27 Ogasiti pobweretsa tcheni. Za mpoto ndi chimphepo cha mvula, tsamba lake ndalisiya lopanda kanthu mpaka Disembala.